Kyutekisi wa Mwezi Woyamba

1

Kunyumba kwa apongozi anga kunalibe kalendala pakhoma, ndipo sankaisowa. Kalendala yawo inali zikhadabo zanga.

Ndiyambe ndafotokoza, poti ena mwa inu simuswali. M'Chisilamu, mkazi akakhala malo amodzi ndi mwamuna wake, kapena akamaliza masiku ake a kumwezi, amasamba thupi lonse ndipo madzi ayenera kukhudza paliponse. Ngakhale udhu, kusamba kwakung'ono kumene timachita tisanaswali, kapena kuti tisanapemphere, umafuna kuti madzi afike pa zikhadabo. Tsono kyutekisi amatchinga madzi. Ukasamba uli naye, wangonyowa chabe. N'chifukwa chake akazi ambiri okonda kyutekisi amadikira masiku a kumwezi, pamene saswali, n'kupaka mtima uli m'malo.

Ine zimenezi ndinkangozimvera patali. Mayi anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo bambo anga anandiphunzitsa zambiri koma osati za zikhadabo.

Patangopita masiku ochepa chichitikireni nikaha yathu, ukwati wa Chisilamu, ndinatuluka m'bafa m'mawa tsitsi lili lonyowa, ndikumwetulira ndekha monga achitira mkwatibwi aliyense. M'kanjira kopita kuchipinda ndinakumana ndi apongozi. Sanandiyang'ane kumaso. Anayang'ana manja anga.

"Mwasamba?"

"Eya, Amayi."

"Ndi zimenezo?"

Ndinayang'ana zala zanga. Zinali zofiira psuu, kyutekisi wa paukwati uja.

"Bwererani. Mwangonyowa inu. Ndipo swala zonse zimene mwaswali chilowereni m'nyumba muno mukazibweze."

Analankhula mokweza dala. Mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga amene anali asanakwatiwe, anaseka mpaka tiyi anamutsamwa. Ndinabwerera m'bafa, ndinapala kyutekisi yense, ndinasambanso ndikulira.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkapaka ndikakhala kumwezi basi. Ndinkati ndikumvera. Sindinadziwe kuti ndikuwapatsa chowerengera. Zala zikangofiira, apongozi ankausa moyo patebulo n'kunena kwa kapu yawo ya tiyi kuti, "Mwezi unonso ayi."

Ankanditchula kuti "inu" nthawi zonse. Musaganize kuti unali ulemu. "Inu" wawoyo anali wozizira ngati simenti ya m'bafa.

2

Kawiri konse zala zanga zinadutsa mwezi osafiira. Kawiri konse apongozi anadziwa amuna anga asanadziwe. Pofika Lachisanu, amayi onse a kumzikiti anali akundigwira dzanja n'kumandiyang'ana pamimba. Apongozi anagula ulusi wolukira tinsapato. Ankauza ngakhale wogulitsa mkaka pageti.

Mimba zonse ziwiri zinapita padera.

Ulendo wachiwiriwo ndinali chigonere m'chipinda, amayi obwera kudzazonda atadzaza pabalaza. Chipinda chathu chinagundizana ndi cha apongozi mbali imodzi, ndi balaza mbali inayo, ndipo makoma a nyumba imeneyo sasunga mawu. Ndinawamva bwinobwino akunena kuti, "Munthu analowa m'banja ndi kusamba kosakwanira. Inu mumayembekezera zotani?"

Amalume a amuna anga, amene ndi shehe, atamva zimenezo anawadzudzula achemwali awowo. Anati m'chipembedzo mulibe chiphunzitso chotero, ndipo mimba imakhala kapena kuchoka mwa chifuniro cha Allah. Ndinawathokoza. Koma mawu a apongozi anali atalowa kale, ndipo anakhazikika. Nthawi iliyonse ndikamasamba ndinkapala zikhadabo mpaka kumva kuwawa, kuopa kuti patsala kadontho.

Amuna anga ndi owotcherera zitsulo. Ndi munthu wabwino, wosamenya, wosamwa, wobwera kunyumba dzuwa lisanalowe. Vuto lawo ndi limodzi: chimene amva m'chipinda, pofika nthawi ya tiyi amayi awo amakhala atachidziwa. Sachitira dala. Zimangotuluka.

Ndiye anapeza ntchito kutali, kumene ankamanga mlatho. Anati akakhala miyezi yambiri osabwera.

"Uziwamvera Amayi," anatero atanyamula chikwama cha zipangizo zawo.

"Ndimawamva tsiku lililonse," ndinayankha. "Ngakhale nditatseka chitseko."

Anaseka, anandigwira tsaya, n'kumapita.

3

Patapita milungu iwiri chichokereni amuna anga, ndinatsegula kabotolo kanga kofiira n'kupaka zala zonse. 

"Alamu afiira," anatero mlamu wanga patebulo, akupaka batala pa buledi. "Achimwene anangovutika chabe."

Ndinadikira kuusa moyo kwa apongozi. Sikunabwere. Anayang'ana zala zanga nthawi yaitali, kenako anadzuka n'kukatsuka kapu yawo. Chete wawoyo anandiopsa kuposa mawu.

Mlungu umenewo ndinayamba zizolowezi zachilendo. Chipinda changa ndinkachikhoma ndi kiyi. Ndinalowetsamo beseni ndi ndowa ya madzi, ndikunena kuti bafa limakhala lotanganidwa. Zenera ndinkalitsegula ngakhale kukuzizira.

Kuntchito nakonso. Ndimagulitsa m'sitolo ya nsalu, ndipo mwini wake timamutchula kuti a Tepi chifukwa tepi yoyezera siichoka m'khosi mwawo. Kuseri kwa sitoloyo kuli kachipinda kosungiramo mipukutu ya nsalu.

"A Tepi, mungandibwerekeko kiyi wa kuseri masana aliwonse?"

"Mukufuna kukagona pa nsalu zanga?"

"Ayi. Musandifunse, chonde."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kundipatsa kiyiyo. Ndikamatuluka ankakhala ataima pakhomo kudikira kiyi wawo, poti munthuyo nsalu zake amazikonda kuposa ana ake. Zimene ndinkachita m'menemo ndinkati akuzidziwa ndi Allah yekha.

Mlunguwo utatha ndinachotsa kyutekisi, ndinalowa m'bafa aliyense akuona, ndinatuluka tsitsi lili lonyowa, n'kukayala mkeka wanga woswalira pabalaza. Mwezi wotsatira ndinachitanso chimodzimodzi. Winawonso chimodzimodzi.

Apongozi anasintha, ndipo kusintha kwake kunandidetsa nkhawa. Za zala zanga anasiyiratu kuzikamba. Ndikanyamula ndowa yodzaza ankandilanda. "Siyani, mungotitayira madzi m'nyumba." Ndikafuna kuchapa mabulangete ankati, "Inu simuyeretsa, achape mlamu wanuyo." Nditakwera pampando kuti ndipukute pamwamba pa kabati, anakuwa ngati ndaba. "Tsikani! Mpando umenewo ndi wa malemu amuna anga!"

Ndinati basi, anditaya. Mayiwa akufunira mwana wawo mkazi wina, ndipo ine andisandutsa mlendo woti asagwire kanthu.

4

Mwana wina wa apongozi, wokwatiwa kutali, anadwala. Apongozi ananyamuka kukamusamalira, ndipo m'nyumba tinatsala awiri, ine ndi mlamu wanga.

Linali Loweruka m'mawa, zala zanga zili zofiira kachinayi. Ndinkayanika zovala kuseri kwa nyumba. Ndinavala diresi lalikulu lija ndinali nditazolowera masiku amenewo. Nditakweza manja kuti ndifikire chingwe, mphepo inawomba n'kumata diresilo pathupi panga.

Kumbuyo kwanga mbale inagwa.

"Alamu."

Ndinatembenuka. Mlamu wanga anali ataima pakhomo la khitchini, maso ali pamimba panga.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Ndanenepa."

"Munthu amanenepa malo amodzi?" Anayandikira. Anandigwira dzanja n'kulitembenuza. "Mimba iyi, kyutekisi uyu. Chimodzi mwa ziwirizi chikunama, ndipo mimba sinama."

"Mlamu, khala pansi ndikuuze."

"Mundiuza chiyani? Achimwene atachoka munafiira. Ndinaona ndi maso angawa. Munafiira, munasamba, munaswali pabalaza tonse tikuona. Ndiye mimba imeneyi inabwera pa basi?"

Pamenepo mutu unaima. Miyezi yonseyi ndinkaganizira za maso a apongozi okha. Sindinaganizeko ngakhale kamodzi kuti munthu wina angawerenge zala zomwezo chobwerera m'mbuyo.

"N'chifukwa chake," anapitiriza. "Tsiku lija ndinabwera kudzagula nsalu ya nduwira, ndinakupezani mukutuluka m'kachipinda ka kuseri, nkhope ili yonyowa, mukukonza mpango. A Tepi ali pakhomo, akulandira kiyi. Ndinati ndisaganize zoipa. Ndinali wopusa ine!"

"Si zimenezo!"

Anali atatulutsa kale foni. Ndinayesa kumulanda, koma analowa m'chipinda chake n'kukhoma. Ndinamva mawu oyamba okha: "Achimwene, khalani pansi kaye."

Ndinaimbira amuna anga mpaka foni inatentha m'manja. Sanayankhe.

5

Anafika mawa lake masana, atavala ovolosi ya kuntchito, maso ali psuu. Chikwama sanabwere nacho. Anaima pakhomo la balaza osavula nsapato, chinthu chimene sanachitepo.

"Imirira," anatero.

Ndinaimirira. Anayang'ana mimba, kenako zala. Kyutekisi anali akadalipo. Ndinaona kuti kumuchotseratu kuoneka ngati ndikubisa umboni.

"Funso langa ndi limodzi. Nditachoka ine, unasamba kapena sunasambe?"

Mukudziwa inu kuti mawu amenewa ali pawiri. Mkazi akalowa m'bafa timati wasamba. Akakhala kumwezi timatinso akusamba.

"Kusamba kwake kuti?" ndinafunsa.

Ndinafunsa moona mtima, koma iwo anamva ngati ndikuzemba.

"Ukundifunsa ine? Ndayenda ulendo wonsewu kuti uzindiphunzitsa Chichewa?"

"Mimbayi ndi yanu. Munandisiya nayo. Ndiloleni ndifotokoze kuyambira pachiyambi."

"Yanga? Unandiimbira foni kangati miyezi yonseyi? Unanena liti kuti uli ndi pakati? Ndinakufunsa ndekha mwezi woyamba uja kuti kaya zili bwanji, unati chiyani?"

Ndinaweramitsa mutu. Ndinali nditawayankha kuti, "Zala zafiira."

"Tiyeni kuchipatala akayeze," ndinatero. "Anena miyezi yake."

"Ine ndiperekeze mimba ya a Tepi kuchipatala?"

Mlamu wanga anali ataima pakona, manja atapinda. Panja ndinamva njinga yamoto ya amalume ikuima. Mlamu anali atawaitana. Akanangofulumira pang'ono chabe. Koma pamene ankatsegula geti, amuna anga anali atakweza kale chala.

"Ndakusiya. Talaka."

Amalume analowa mawuwo akadali m'malere. Anaima, anatseka maso, n'kunena chapansipansi kuti, "Mwana iwe, wathamangiranji?"

M'Chisilamu, mawu amenewo amathetsa banja. Ndinakhala pansi pomwepo, pasimenti.

6

Amalume anatikhazika tonse. Anafotokoza kuti mawu atuluka ndipo agwira, koma poti ndine woyembekezera, sindichoka m'nyumbamo mpaka nditachira. Nthawi imeneyo isanathe, mwamuna akhoza kundibwerera.

"Koma nkhani yaikulu si imeneyo," anatero. "Nkhani ndi ya mwana ali m'mimbayu, kuti adzaitanidwa ndi dzina la ndani. Mlandu umene mukumunenera mayiyu ndi wolemera, sanenera munthu mwachisawawa. Mwana wanga, lankhula."

Ndinalankhula. Owerenga, nanunso ndakusungani nthawi yaitali, imvani.

Amuna anga atachoka, tsiku langa linakwana koma sindinaone kanthu. Thupi ndinkalidziwa, linali litandiuzapo kawiri. Ndinadziwa kuti zala zikangodutsa mlungu umenewo zili zoyera, apongozi awerenga, mzikiti wonse umva, ulusi ugulidwanso. Ndipo ikachokanso, ndidzagonanso m'chipinda chija n'kumamva kuti ndine mkazi wosadziwa kusamba. Sindikanatha. Ndinapaka kyutekisi kuti nyumba yonse iganize kuti ndili kumwezi. Amuna anga sindinawauze chifukwa kuwauza iwo n'kuuza amayi awo. Kusikelo sindinapite chifukwa mmodzi wa anamwino ake timaswali naye limodzi. Ndinkati ndidikire mwanayo alimbe, ndidzaulule. Mwezi uliwonse ndinkati mwezi wamawa.

Amalume anagwira ndevu. "Ngati sunali kumwezi, ndiye kuti swala inali pa iwe. Unkaisiya dala mlungu wathunthu? Kapena unkachita udhu pamwamba pa utotowo?"

"Sindinasiyepo ngakhale imodzi, Amalume. Ndipo phunziro la utoto ndinalilandira kale m'nyumba muno."

Ndinawauza za rimuva, mankhwala ochotsera kyutekisi, ndi thonje. M'bandakucha ndinkachotsa kyutekisi, kuchita udhu m'beseni, kuswali, n'kupakanso ndisanatsegule chitseko. Masana ndinkachita zomwezo m'kachipinda ka a Tepi, pakati pa mipukutu ya nsalu. Madzulonso chimodzimodzi. Zenera ndinkatsegulira fungo.

Ndinapempha mlamu kuti akatenge rimuva pansi pa bedi langa. Anabwera naye monyinyirika. Ndinapukuta zala zonse pamaso pawo n'kutambasula manja. Zikhadabo zinali zitapyapyala, zoyera mbuu, zosendeka m'mphepete, khungu lozungulira litang'ambikang'ambika.

"Mkazi wopaka kamodzi pamwezi sakhala ndi zala zotere," ndinatero.

Amuna anga anayang'ana, ndipo ndinaona nkhope yawo ikuyamba kumasuka. Koma mlamu wanga si wopusa.

"Zala zimenezo zikungonena kuti mwakhala mukupaka n'kuchotsa. Sizikunena mwezi umene munayamba. Miyezi itatu inayo, chabwino, munkabisa mimba. Koma mwezi woyamba unali weniweni. Ine ndinaona thonje la magazi m'bini ya m'bafa mlungu womwewo."

"Anali kyutekisi!"

"Ndiye mutero kumene."

Amalume anausa moyo. Nkhani yonse inali itatsamira pa mlungu umodzi, ndipo pa mlungu umenewo mboni yanga inali chitseko chokhoma. Walira mvula walira matope. Ndinafuna kuti pasakhale wodziwa, ndipo tsopano panalibedi wodziwa.

Geti linalira. Mlamu anasuzumira pazenera, nkhope yake n'kuwala, poti nawonso anali atawaitana pafoni.

"Amayi afika."

Ndinagwira mimba yanga ndi manja onse awiri. Munthu amene ankawerenga zala zanga kuposa wina aliyense anali akulowa, ndipo ndinkadziwa mbali imene aime.

7

Apongozi analowa chikwama chili m'manja, fumbi la ulendo lili kumapazi. Anatiyang'ana mmodzimmodzi. Mlamu anayamba kufotokoza mothamanga, za chingwe choyanikira, za a Tepi, za thonje. Anamusiya mpaka anamaliza.

"Thonje liti?" anafunsa.

"La magazi, Amayi. Mwezi woyamba uja."

"Bini ya m'bafa amataya ndani m'nyumba muno? Iwe unayamba waigwirapo?"

Mlamu anapukusa mutu.

"Ndimataya ndine. Iwe ndiwe mkazi, ukudziwa kuti magazi akauma amada. Thonje limene lija linakhala lofiira mpaka madzulo, likununkha ngati mopentera magalimoto. Ndinalinunkhiza ndi mphuno yangayi."

Anaika chikwama pansi, n'kutembenukira kwa mchimwene wawo.

"Achimwene, inu ndinu shehe, mundiuze. Mkazi amene ali kumwezi amagwadira chiyani m'bandakucha? Khoma lija ndi lopyapyala. Tsiku loyamba lenilenilo limene anafiira, ndinamva kabotolo kakutsegulidwa. Kenako madzi m'beseni. Kenako mawondo akugunda pansi, ndi kunong'ona. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Mlungu wonse. Ine ndikuswali mbali ino, iye akuswali mbali inayo. Mimba imeneyi ndinaidziwa mwana wanga asanafike n'komwe pa malipiro ake oyamba a kumlathoko."



"Amayi," anatero amuna anga, "ndiye bwanji simunandiuze?"

"Ndikuuze iwe? Pakamwa pako unatengera ndani?"

Kenako anayang'ana ine. Ndinali ndikulira mosabisa tsopano. Ndowa zija, mabulangete aja, mpando wa malemu uja, zonse zinabwerera nthawi imodzi.

"Ndinaona kuti kyutekisi ameneyo wapakira ine," anatero. "Osati mwamuna wake, osati mlamu wake. Ine. Zinandiwawa, ndisaname. Munthu kuwotcha zala zake ndi mankhwala kasanu patsiku chifukwa choopa pakamwa panga! Ndinati chabwino, wanditseka pakamwa, ndikhala chotseka mpaka adzanene yekha. Kutseka pakamwa n'kovuta, achimwene. Ndinkachita kuluma lilime kumzikiti. Kulakwa kwanga n'kwakuti ndinachoka osamusiyira mawu uyu wa maso akuthwayu."

Anawerama movutikira, poti mawondo awo ndi odwala, n'kutenga dzanja langa. Anayang'ana zikhadabo zija chimodzichimodzi.

"Taona zimene wadzichita, iwe mwana wanga. Dzuka pasimentipo, uziziritsa mdzukulu wanga."

Aka kanali koyamba kunditchula kuti "iwe".

Mlamu wanga anatulukira kukhitchini akusisima. Amuna anga anagwada pafupi nane. Ananena pamaso pa amalume kuti andibwerera, ananena kawiri, kachitatu, ngati kuchulukitsa kungathandize. Amalume anavomera kuti banja labwerera m'malo.

Apongozi anadzidzimuka. "Kubwerera? Kubwerera kuchokera kuti?"

Panalibe amene anawauza za talaka. Amalume atawafotokozera, mayi aja anakhala pampando pang'onopang'ono, ndipo kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni ndinawaona akusowa chonena.

Ine ndinali ndi funso limodzi.

"Amalume, poti andibwerera, ndiye kuti talaka ija yafufutika?"

Anandiyang'ana mwachisoni. "Ayi, mwana wanga. Banja lili ndi talaka zitatu, zikatha palibenso kubwererana. Imodzi yapita. Zatsala ziwiri."

8

Mwana anabadwa wamkazi, wamoyo, wolira mokweza ngati agogo ake. Anabadwa pa nthawi yake, ndipo aliyense amene anali ndi zala zowerengera anawerenga n'kukhala chete. A Tepi, amene sanadziwe n'komwe kuti dzina lawo linalowa m'mlandu, anatumiza nsalu yoberekera, yoyezedwa ndendende osapitirira ngakhale pang'ono.

M'masiku a uchembere, pamene mkazi saswali, apongozi analowa m'chipinda changa n'kuika kabotolo kofiira pabedi.

"Paka. Ulendo uno ndi zoona."

Tsiku losamba litafika, anabwera okha ndi thonje. Anandipukuta chala chilichonse, m'makona momwe, akudandaula kuti atsikana a masiku ano sitiona bwino. Sanasinthe kwenikweni. Amalankhulabe, ndipo mzikiti wonse ukudziwa tsiku limene mwana wanga anamera dzino. Mawu aja ananena pabalaza sanapepesepo ndi pakamwa. Ine ndinaleka kudikira.

Ndi amuna anga tilipo, timaseka, timalera mwana wathu. Koma tikangosemphana mawu pang'ono, iwo amadzuka n'kutuluka panja, kukaima pageti mpaka mtima utatsika. Amaopa pakamwa pawo. Nanenso ndimapaopa. Tonse awiri timadziwa chiwerengero chimene chatsala, ngakhale sitichitchula.

Inu amene mwawerenga, ena mudzati wolakwa ndi mlamu, ena mudzati ndi amuna anga othamanga, ena mudzati ndi apongozi. Mwina nonse mudzalondola. Koma kabotolo kaja ndinatsegula ndine. Ndinasamala kwambiri kuti pasakhale kanthu kotchinga pakati pa madzi ndi chikhadabo changa, kasanu patsiku, mpaka zala kung'ambika. Pakati pa ine ndi mwamuna wanga ndiye ndinapakapo utoto wokhuthala, n'kuusiya miyezi inayi. Mantha anga anali oona, ndipo mayi aliyense amene anapitapo padera andimvetsa. Koma ngati muli ndi chinthu chimene mukubisira nyumba yonse, pezani munthu mmodzi, mmodzi yekha, amene angadzaime n'kunena kuti ine ndinkadziwa. Ine ndinamupeza mwangozi, kuseri kwa khoma, ndipo anafika mawu atatuluka kale.

Zikhadabo zanga zinameranso bwinobwino. Kabotolo ka apongozi kaja kakadali pawindo, ndipo kanauma ndi theka lake lomwe.